Mabandulo atatu pa fayilo imodzi

Mpaka lero ndikamadutsa pa kagome ka mnyamata wogulitsa mayunitsi pafupi ndi siteji ya Ngabu ndimayenda mofulumirako pang'ono. Tsiku lina mu Novembala 2023 ndinamulalatira anthu akuona, ati wandigulitsa bandulo yowola. Iye sanakwiye. Anangoti, "Bwana, ine ndimangogulitsa, sindiphika ayi." Akabaza anafa nacho chikhakhali, ine n'kuchokapo thukuta lili kamukamu.

Mnyamatayo analibe mlandu, ndipo netiweki imene ndinaitukwana usiku wonse ija inalibenso mlandu. Chimene chinandidyera ndalama chinali m'laputopu yanga yomwe, pa kazenera kamene ndinali ndisanakatsegulepo chiigulireni.

## Pulinta ya ku Limbe

Ndili ndi kashopu ka kutayipa ndi fotokope. Mvula ya Freddy mu Malichi 2023 inasasula malata awiri pamwamba penipeni pa tebulo, pulinta yanga yakale n'kumwa madzi usiku wonse. Ndinakhala miyezi ndikukasindikiza kwa anzanga, phindu n'kumagawana. Ndalama itakwana ndinakwera ku Limbe n'kugula ina yogwirapo kale ntchito. Ndinaifungatira pamiyendo m'minibasi kutsika Thabwa yense, makutu akutsekeka, mpaka kuwoloka mlatho wa Kamuzu. Sabata yomweyo ndi imene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndiye ndinkadziona ngati wochenjera kuti ndagula mitengo isanalumphe.

Laputopu nayo ndi ya kaunjika. Ndinaigula kwa bambo wina amene ankagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu okhudzidwa ndi madzi osefukira. Ofesi yawo itatsekedwa katundu anagulitsidwa. Ili ndi Windows 10, imayenda bwino, ndipo kwa miyezi yonseyo sinandivutitsepo.

Ntchito inali ikudikira kale. Ahedi a sukulu ina ya pulayimale cha kumtunda kuno anabweretsa mayeso a kumapeto kwa teremu, Sitandade 5 mpaka 8, olembedwa pamanja. Ndinatayipa masiku atatu. Iwo anati adzatenga Lolemba m'mamawa. Lachisanu ndinalumikiza pulinta ija, laputopu n'kukana kuizindikira. Imafuna driver, kapulogalamu kamene kamathandiza kuti makina awiriwa azimvana. Ndinapita pa tsamba la kampani yopanga pulintayo, ndinaipeza, fayilo ya pafupifupi 200 MB yothera ndi .exe.

## Kufika pa 100 n'kusowa

Amene anakhalapo kuno mu Novembala akudziwa kuti 2 koloko masana ndi nthawi yanji. Laputopu ndinaiika pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa pansi. Foni imene imandipatsa intaneti ndinaipachika pa zenera, pamene netiweki imagwirako bwino, itakutidwa ndi kansalu kuti dzuwa lisaiwotche. Ndinagula bandulo, n'kudina.

Kamzere kanayamba kuyenda. 20 MB, 60 MB, kenako kuima, kenako kuyendanso. Ndinakana makasitomala awiri a fotokope kuopa kugwedeza tebulo, ngati kuti intaneti imatayikira. Patatha pafupifupi ola kanafika kumapeto. Kanaima masekondi angapo, ine ndatambasula kale dzanja kuti nditsegule. Pamalo pa fayilo panabwera mawu ofotokoza kuti zakanika, ndipo liwu limene ndinaligwira linali limodzi: Blocked.

Mu foda ya Downloads munalibe kanthu. Bandulo inali itapita.

Apa m'pamene panandisokoneza mutu. Netiweki ikaduka, fayilo imaima pakati, mwina pa 40, mwina pa 70, ndipo nthawi zina umatha kupitiriza. Iyi inafika yonse, ndinaiona ndi maso anga. Ndiye inapita kuti?

Ndinagula bandulo yachiwiri madzulo. Chimodzimodzi. Apo m'pamene ndinapita kukalalata ku siteji kuja. Yachitatu inali ya usiku. Ndinatchera alamu, n'kudzuka 1 koloko, udzudzu uli ng'wii, ndipo ulendo uno ndinasiya Chrome, browser imene ndimatsegulira masamba a pa intaneti, n'kugwiritsa ina yotchedwa Edge, poti mnzanga wina pa gulu la WhatsApp anati Chrome yanga yakalamba. Inafika pa 100. Blocked.

Malangizo pa gulupo sanasowe. Wina anati ndichotse antivayirasi. Wina anati ndibweretse laputopu aifomate, mtengo tikambirana. Wina anangoti pulintayo ndi yakuba. Chimene palibe anandifunsa, ndipo nanenso sindinachiganizire, n'chakuti tsiku lomwelo ndinali nditatsitsa fomu ya PDF ya kasitomala ndi zithunzi ziwiri popanda vuto lililonse.

## "Malume, simunatsegulepo apa?"

Loweruka kunabwera mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira za makompyuta ku koleji ina ku Blantyre. Anabwera kudzaona agogo ake, osati ine, koma ndinamugwira asanavule n'nsapato zomwe.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa mafunso awiri okha. Fayilo yake ndi yamtundu wanji? Ndinati .exe. Nanga ma PDF akutsika? Ndinati eya.

"Ndiye si netiweki, malume. Ndipo ngati Chrome ndi Edge akana mofanana, si browser. Awiriwo akufunsa munthu mmodzi."

Anadina batani la Windows pamodzi ndi R, n'kulemba inetcpl.cpl. Panatuluka kazenera kakang'ono kooneka kachikale, kolembedwa Internet Properties. Anapita pa Security. Pamwamba panali tizithunzi tinayi: Internet, Local intranet, Trusted sites ndi Restricted sites. Anasankha koyambako, ka dziko lozungulira. Pansi pake panali kachingwe kokwezera ndi kutsitsira, ndipo kanali pamwamba penipeni, pa High.

Ine ndinaseka. Ndinati iwe, izi ndi za Internet Explorer, browser yakalekale ija, chinthu chimene eni ake anachipumitsa mu Juni 2022. Ine sindichigwiritsa n'komwe. Chikukhudzana bwanji ndi Chrome?

"Malume, munawolokapo pa Bangula kupita ku Makhanga?"

Ndinati kambirimbiri.

"Wopalasa bwato ntchito yake ndi kukuwolotsani. Mwalipira, wapalasa, mwafika tsidya. Koma tiyerekeze pa dokopo pali mwini doko amene wanena kuti katundu wamtundu wakutiwakuti asatsike pano. Wabwato sangakangane naye. Ndalama yanu yapita kale, poti kupalasa wapalasa."

Chrome ndi wabwato. Ikamaliza kukoka fayilo yonse, imaipereka kwa mbali ina ya Windows yotchedwa Attachment Manager, imene inabwera kalekale ndi Windows XP Service Pack 2 mu 2004. Iyo imayang'ana zinthu ziwiri: fayiloyi yachokera dera liti mwa madera anayi aja, ndipo ndi yamtundu wanji. Imaitananso antivayirasi kuti ayinunkhize. PDF ndi zithunzi sizili m'gulu la mafayilo amene Windows imawaopa kwambiri. Koma .exe, .msi, .bat ndi anzawo ndi mapulogalamu, ukawatsegula amayamba kulamula makina. Amenewo ndi amene amafunsidwa malamulo a pa kazenera kaja. Lamulo likati ayi, fayilo imafufutidwa pomwepo, itafika kale. N'chifukwa chake bandulo imatha koma m'manja mulibe kanthu. Internet Explorer anapuma, koma malamulo a maderawo anatsala mu Windows, ndipo Chrome ndi Edge amawamvera pa nkhani ya mafayilo.

Kenako anadina Custom level. Munatuluka mndandanda wautali, wotopetsa, wa Chingerezi cha akatswiri. Anatsika nawo mpaka pa mutu wa Miscellaneous, n'kuloza ndi chikhadabo mzere wakuti "Launching applications and unsafe files". Pansi pake panali timabowo titatu: Disable, Enable ndi Prompt. Kadontho kanali pa Disable.

Mabandulo atatu, tulo ta usiku umodzi ndi ulemu wanga pa siteji, zonse zinathera pa kadontho kameneko.

## Pamene tinakangana

Ndinati ika pa Enable, tithane nazo. Ndinali nditatopa, ndipo m'mutu mwanga munali ahedi akubwera Lolemba pa njinga.

Anachotsa dzanja pa mawusi.

"Werengani zimene alemba pambali pakepo."

Pambali pa Enable analemba kuti not secure. Pambali pa Prompt analemba kuti recommended.

Ndinati laputopu ndi yanga, ndinagula ndi ndalama zanga. Iye anati, "Ndi yanu, malume, koma muli mayeso a ana a eni. Muli makalata ofunsira ntchito a anthu, muli zitupa zawo zimene munasikana. Disable ndi kukhoma chitseko n'kutaya kiyi. Enable ndi kuzula chitseko. Prompt ndi kuti wina akagogoda muzifunsa kuti ndani."

Sindinayankhe msanga. Zimawawa kuphunzitsidwa ndi mwana amene unamunyamulapo pamsana kupita naye ku sikelo. Komanso anali kunena zoona, ndipo zimenezo zinawawa kwambiri.

Mapeto ake sanakhudze n'komwe mzere umodziumodzi. Anatuluka mu mndandandawo n'kudina Default level, kachingwe kaja n'kutsika kufika pa Medium-high, pamene Windows imakaika ikakhala yatsopano. Pamenepo mzere uja umakhala pa Prompt. Anasuzumiranso mu Restricted sites kuona ngati tsamba la pulinta linaponyedwamo, munalibe. Anapita pa Connections, LAN settings, kuona ngati ofesi yakale inasiyamo proxy, kompyuta yapakati imene intaneti imadzerapo, poti Chrome imatsata imene yaikidwa mu Windows. Munalibenso. Antivayirasi sanamukhudze.

Anandichenjeza chinthu chimodzi chimene ndikuchipereka kwa inu amene mumagwira m'maofesi a boma ndi a mabungwe ku Chikwawa ndi ku Nsanje: mukapeza mabataniwo ali otuwa, osadinika, ndipo pansi palembedwa kuti zina zikuyendetsedwa ndi system administrator, ndiye kuti ofesi inakhoma dala. Musalimbane nazo, kauzeni wa IT. Yanga inali yodinika, ndipo ofesi yake kulibenso.

Dawunilodi yachinayi tinapanga ndi bandulo ya pa foni yake. Inafika pa 100, inaima masekondi aja, mtima wanga uli m'mwamba, kenako fayilo inakhala phee mu foda. Poitsegula Windows inafunsa ngati ndikulola, n'kuonetsa dzina la kampani imene inasayinira pulogalamuyo. Anandiuza kuti ndiliwerenge mokweza. Linali dzina lomwe lili pa pulinta. "Tsopano dinani Yes."

## Kalata ya ng'ombe

Pulinta ikudzikonza, anandionetsa chinthu chimene chandikhala m'mutu kuposa zonsezi.

Anadina fayilo ija ndi batani lakumanja, Properties. Pansi penipeni panali mawu onena kuti fayiloyi yachokera pa kompyuta ina, ndi kabokosi kolembedwa Unblock. Kenako anatsegula Notepad mwa njira ina yake, akuwonjezera :Zone.Identifier kumapeto kwa dzina la fayilo. Munatuluka timizere tochepa, ndipo wina unali ZoneId=3.

Aliyense wa ku Ngabu akudziwa kuti ng'ombe siyenda yokha popanda kalata. Ukaigula pa msika, pamafunika chikalata chonena kumene yachokera, makamaka nthawi imene kwabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Fayilo yotsika pa intaneti nayo imapatsidwa kalata yotere, yobisika, yomatidwa kumbuyo kwake. Nambala 3 ikutanthauza intaneti, 4 ndi masamba oletsedwa, 2 ndi odalirika, 1 ndi netiweki ya m'nyumba kapena mu ofesi. Akatswiri amaitcha Mark of the Web.

Apo ndinamvetsa kamzere kachikasu kamene kamabwera pamwamba pa Word kasitomala akanditumizira kalata pa imelo, kolembedwa Protected View. Zaka zonsezi ndinkakadina mosaganiza, ngati kuthamangitsa ntchentche. Kamabwera chifukwa Word yawerenga kalata ija n'kuona 3. Kuyambira 2022 Office inayambanso kukaniratu ma macro, timapulogalamu tokhala m'kati mwa mafayilo a Word ndi Excel, m'mafayilo okhala ndi chizindikiro chimenechi, chifukwa akuba ambiri ankalowera mmenemo.

Ndiye mwana wa achemwali uja anafunsa, "Nanga mafulashi a makasitomala mumatani nawo?"

Ndinati ndimalowetsa, n'kutsegula, n'kusindikiza. Nanga n'kutani?

Anagwira kukamwa. Kalata ija imasungika pa disiki ya mtundu wa NTFS, ngati ya m'kati mwa laputopu. Mafulashi ambiri amene timagula m'misika ndi a FAT32 kapena exFAT, ndipo mitundu imeneyo ilibe malo osungira kalatayo. Fayilo ikakopedwa kupita pa fulashi yotere, kalata imagwa m'njira. Ikafika kwa ine imaoneka ngati ng'ombe yobadwira m'khola momwemo.

Taganizani. Laputopu yanga inakana driver yeniyeni, yokhala ndi siginecha, yochokera kwa eni ake, katatu konse. Koma tsiku lililonse inkalandira mafulashi amene ayenda m'ma kompyuta a pa Nchalo, pa Dyeratu, pa Bangula, m'malo ojambulira nyimbo ndi mafilimu, osafunsa kanthu. Ndipo ndi kangati ndinatsegula fulashi n'kupeza mafoda onse asanduka ma shortcut, tizithunzi tongolozera kwina, kasitomala akulira kuti satifiketi yake yasowa? Ndinkangodina ma shortcut omwewo kufunafuna mafayilo, osadziwa kuti kudinako ndiye kudzutsa vayirasi. Kutsogolo kunali mlonda wa mfuti, kuseri mpanda unagwa kalekale.

## Munthu amene ndinamutukwana osamudziwa

Loweruka lonselo ndinkanyoza wa IT wa ofesi ija, amene sindinamuonepo. Munthu wanji wokhoma makina chonchi n'kuwagulitsa osamasula?

Usiku, pulinta ikulavula mayeso a Sitandade 8, maganizo anatembenuka. Laputopu imeneyi inkayenda m'misasa ya anthu othawa madzi. Muyenera kuti munali mayina a anthu, midzi yawo, manambala a zitupa, ndani walandira ufa ndani sanalandire. Inkagwiridwa ndi anthu osiyanasiyana, ena ofuna kuikamo magemu, ena mapulogalamu otsitsira mafilimu. Ndikanakhala ine woyang'anira, kachingwe kaja ndikanakakweza pomwepo pa High, mwinanso n'kumata ndi selotepi. Iye anakhoma nyumba yake molingana ndi katundu amene anali m'menemo. Ine ndinagula nyumbayo n'kulowa osayendera zitseko.

Chimene ndimamudandaulabe pang'ono n'chakuti akanamata kapepala pansi pa laputopu. Mizere iwiri yokha ikanandipulumutsira mabandulo atatu.

Kuyambira pamenepo, makina alionse a kaunjika akafika m'manja mwanga, kaya anga kaya a mnzanga, ndimayamba ndatsegula kazenera kaja. Ndimayang'ananso tsiku ndi nthawi. Mphunzitsi wina anabwera ndi kompyuta ya pa tebulo imene inkakana masamba onse, Chrome ikunena kuti wotchi yatsalira. Kabatire kakang'ono kozungulira ka m'kati, CR2032, kanali katatha, ndiye magetsi akangozima deti inkabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo ziphaso za chitetezo za masambawo zinkaoneka ngati nthawi yake sinakwane. Kuno kumene magetsi anavuta kwambiri namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, vuto limenelo si lachilendo. Tinasintha kabatire, tinakonza deti, basi. Anandiyang'ana ngati sing'anga.

Pa mafulashi ndinasintha kwambiri. Iliyonse imayamba yasikanidwa, kasitomala achite changu chotani. Shortcut sindidina. Amene angathe ndimawauza atumize pa imelo, kuti fayilo ibwere ndi kalata yake. Ena amanyinyirika, ati ndayamba matama. Mayi wina wa ku Nsanje anandiuza m'Chisena chosakaniza kuti wa fotokope wa kwawo sachita zimenezi. Ndinati n'chifukwa chake fulashi yanu ili ndi ma shortcut 14, mayi. Tinawerenga limodzi.

## Lolemba

Ahedi anafika 6 koloko isanakwane, dzuwa lisanayambe ukali, katoni yomangira pa kaliyala ili kale m'manja. Mayeso a Sitandade 5, 6 ndi 8 anali okonzeka. A Sitandade 7 tsamba lomaliza linatuluka lotuwa, chifukwa tona imene inabwera ndi pulinta ija inali yotsala pang'ono, ndipo wogulitsa ku Limbe sananene. Ndinaichotsa, n'kuigwedeza uku ndi uku monga timachitira, inatulutsa makope okwanira movutikira. Ahedi anayang'ana pepala limodzi moyang'anitsa kuwala, n'kunena kuti, "Awerenga, maso awo ndi anthete."

Masana ndinapita ku siteji ndi botolo la thobwa wozizira. Ndinamuuza mnyamata uja kuti bandulo yake inalibe vuto, vuto linali kadontho. Sanamvetse za kadonthozo, ndipo sindinalimbikire kufotokoza. Thobwa analandira. Koma dzina linakhala, moti ndikamadutsa amakuwa akabaza onse akumva: "Abwana a bandulo yowola, lero tikupatseni ya zingati?"